Mvula Ikakana, Mlandu N'ngwa Yani?

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2024, nthawi imene chimanga chimakhala chikumasula ndi kufuna madzi koposa, mitambo inabalalika m'dera lalikulu la kummwera kwa Africa. Kuyambira ku Zambia, kudutsa Zimbabwe, mpaka kummwera kwa Malawi ndi pakati pa Mozambique, dzuwa linaswa mtengo kwa masabata angapo motsatizana, ndipo mmera umene unali utabiriwira unapsa uli chiimire. Pa 29 Febuluwale boma la Zambia linalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya chilala. Boma la Malawi linachita chimodzimodzi pa 23 Malichi, potchula maboma 23 mwa maboma 28 a dzikolo, ndipo la Zimbabwe linatsatira pa 3 Epulo. Madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri kotero kuti pofika mwezi wa Seputembala mabanja ambiri a mumzinda wa Lusaka ankaona magetsi kwa maola ochepa okha pa tsiku.

Aliyense amene ankamvera wailesi chaka chimenecho anamva dzina limodzi likubwerezedwa m'mawa ndi madzulo: El Niño. Nduna za boma zinalitchula, abusa analitchula paguwa, ngakhalenso amayi ogulitsa masamba pamsika analidziwa. Linkatchulidwa ngati dzina la munthu wopalamula amene wathawira kutali, kumene mthenga wa mfumu sangafike. Apa ndi pamene pagona funso la nkhani ino. Kodi n'chanzeru kufunsa kuti mvula ikakana mlandu n'ngwa yani? Mlandu umafuna mwini, ndipo mwini mlandu ayenera kukhala ndi maganizo komanso ufulu wosankha. Mtambo ulibe zimenezi. Komabe mibadwo yonse ya kuno kwathu sinaleke kufunsa funsoli, ndipo ine ndikuganiza kuti sinalakwe. Chimene chimatisokoneza n'chakuti m'funso limodzili mwalukana mafunso atatu: chaletsa mvula n'chiyani, ndani ankadziwa kuti ikana, ndiponso ndani anasiyidwa kuti afe ndi njala. Lililonse mwa mafunsowa lili ndi bwalo lakelake, ndipo chilungamo chimasokera pamene tiweruza atatu onsewo ngati mlandu umodzi.

Yankho la makolo

Makolo athu sankaona chilala ngati ngozi wamba. Kwa Amang'anja a kuchigwa cha Shire, mvula ikachedwa maso ankaloza ku kachisi wa Mbona m'nkhalango ya Khulubvi, m'boma la Nsanje. Achewa a kuchigawo chapakati anali ndi kachisi wa Chisumphi ku Msinja, kumene Makewana ankaimira anthu pamaso pa Chauta. Kutsidya kwa Zambezi kunali Njelele m'mapiri a Matobo, ndipo kutsidya kwa Limpopo Alobedu anali ndi mfumukazi yawo ya mvula, Modjadji. Zinenero zinali zosiyana koma ganizo linali limodzi, lakuti thambo limayankha khalidwe la anthu. Magazi okhetsedwa panthaka, chigololo cha pachibale, kudula mitengo m'nkhalango yopatulika, kapena mfumu kunyalanyaza nsembe, chilichonse mwa izi chinkatha kutseka mvula.

N'kosavuta kwa wophunzira wa lero kuseka chikhulupiriro chimenechi, koma woseka amaphonya kanthu. Matthew Schoffeleers, amene anafufuza za Mbona kwa zaka zambiri, anasonyeza m'buku limene anasonkhanitsa m'chaka cha 1979, lotchedwa Guardians of the Land, kuti akachisi amenewa anali alonda a nthaka, ndipo mawu otuluka kumeneko ankatha kudzudzula ngakhale mafumu. Tinganene kuti chilala chinkaitanitsa bwalo, ndipo pabwalo limenelo wolamulira sankakhala woweruza nthawi zonse; nthawi zina ankakhala woyankha mlandu. Mfumu imene dziko lake lauma inkayenera kudzifunsa chimene yalakwira anthu ndi mizimu. Ganizo lakuti ulamuliro umayesedwa ndi chakudya cha anthu ake silinabwere ndi sitima za azungu. Linalipo kale.

Komabe tisanamizane. Chala cha bwalo limenelo sichinkaloza kumwamba kokha. Kawirikawiri chinkatsikira kwa amene alibe womuteteza. Nkhalamba yaikazi yokhala payokha, mlendo wosadziwika mtundu wake, kapena munthu wolemera msanga, ankatha kunenedwa kuti wamanga mvula, ndipo kale mwabvi unkagamula nkhani zotere. Mpaka lero, Disembala akafika kusanagwe mvula, mphekesera zimamveka m'midzi ndi m'matauni momwe kuti oumba njerwa ndiwo aigwira kuti njerwa zawo ziume. Njira imene imapeza wolakwa pa chilala chilichonse imayenera kum'peza ngakhale pamene palibe, ndipo wopezekayo amakhala wofooka.

Ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana, mfumu Sechele ya Abakwena inali yodziwika pa nkhani yoitana mvula. Itabatizidwa m'chaka cha 1848 inaleka mwambowo, pamene chilala chinali chikupitirira, ndipo anthu ake ambiri anaona kuti chiphunzitso chatsopanocho ndicho chawatsekera thambo. David Livingstone analemba m'buku lake la 1857 za mkangano wake ndi sing'anga wa mvula. Mfundo ya sing'angayo inali yakuti iye ndi dokotala wachizungu sasiyana: onse amapereka mankhwala, nthawi zina zimatheka ndipo nthawi zina zimakanika, koma palibe amene amataya mankhwala ake chifukwa chakuti wodwala mmodzi wamwalira. Anthu awiriwa anasiyana pa zambiri, koma onse ankakhulupirira kuti mvula ili ndi mwini amene angapemphedwe. Panalibe mmodzi mwa iwo amene akanaganiza kuti mbali ina ya yankho inali m'madzi a nyanja ya kuseri kwa dziko lapansi.

Yankho la sayansi

Mvula ya dzinja lathu imabwera chifukwa cha kukumana kwa mphepo. Dzuwa likamatsikira kummwera kwa ikweta, kuyambira cha mu Okutobala, lamba wa mitambo ya mvula amalitsatira. Mpweya wachinyezi wochokera kunkhalango za ku Congo umalowa kuchokera kumpoto chakumadzulo, wina umachokera kunyanja yamchere ya Indian, ndipo pamene ikumana mitambo imakwera n'kugwetsa mvula. Makolo amene ankadikira mphepo ya mpoto, atazindikira kuti mwera sabweretsa dzinja, ankaona molondola. Pamwamba pa Angola pamakhala dera la mpweya wopepuka limene limakoka chinyezi kulowa nacho kumtunda, ndipo kuchokera kumeneko mizere italiitali ya mitambo imayala kuloza kummwera chakum'mawa. Mizere imeneyi ndiyo imapereka gawo lalikulu la mvula ya ku South Africa ndi maiko oyandikana nayo.

El Niño ndi kutentha kwa madzi a pamwamba pa nyanja yamchere ya Pacific, pakati ndi kum'mawa kwake, kumene kumabwerera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri. Dzinali anapereka ndi asodzi a ku Peru, amene ankaona madzi ofunda akufika m'nyengo ya Khirisimasi. Gilbert Walker, amene anayamba kuyang'anira ntchito za nyengo ku India m'chaka cha 1904, dzikolo litangotuluka m'njala yoopsa ya 1899 ndi 1900, anazindikira kuti kulemera kwa mpweya kukakwera mbali imodzi ya Pacific kumatsika mbali inayo. M'chaka cha 1969 Jacob Bjerknes anasonyeza kuti kusinthana kwa mpweyaku ndi kutentha kwa madzi kuja ndi chinthu chimodzi. Madzi ofunda akasunthira kum'mawa, mitambo ikuluikulu ya m'madera otentha imasamuka nawo, ndipo kayendedwe ka mphepo padziko lonse kamasokonekera. Kuno kwathu zotsatira zake nthawi zambiri zimakhala zakuti mizere ya mitambo ija imasunthira kunyanja, chakum'mawa, n'kusiya kumtunda kuli gwa. Zilala za 1982/83, 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24 zonse zinagwa m'zaka za El Niño. Madzi a Pacific akazizira, chimene chimatchedwa La Niña, mvula imakonda kuchuluka, monga zinachitikira m'chaka cha 2000 pamene mtsinje wa Limpopo unasefukira ndi kupha anthu mazanamazana ku Mozambique.

Koma dzanja la El Niño siligwira mofanana paliponse. Pamene kummwera kukuuma, ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania mvula imachuluka. Malawi ali pamalire a zigawo ziwirizi, n'chifukwa chake m'chaka chomwecho cha 2024, pamene chimanga chinkapsa ku Balaka ndi ku Chikwawa, nyanja ya Malawi, imene imamwa madzi ambiri kuchokera kumpoto, inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Palinso nyanja ya Indian, imene kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali yake ya kumadzulo ndi ya kum'mawa, kumene akatswiri anakufotokoza m'chaka cha 1999, kumatha kukulitsa kapena kufooketsa zochita za Pacific. Ndipo pansi pa zonsezi pali mafunde aatali. Peter Tyson ndi anzake anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti mvula ya dzinja ku South Africa inkasinthana, zaka zingapo zonyowa kenako zingapo zouma, mozungulira pafupifupi zaka 18. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika kotero kuti inaleka kuthira madzi mumtsinje wa Shire. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndiponso mu 1995. Kusakhazikika kwa mvula ndi chikhalidwe cha dera lathu kuyambira kale.

Chidziwitso chimenechi chili ndi phindu lalikulu pa nkhani ya chilungamo, ndipo tisalichepetse. Chimamasula nkhalamba ija. Ngati mvula yatsekedwa ndi madzi ofunda a kugombe la Peru, ndiye kuti woumba njerwa wa ku Area 25 alibe mlandu. Funso loyamba lija layankhidwa: chaletsa mvula ndi kayendedwe ka madzi ndi mphepo, zimene zilibe mtima wofunira munthu zoipa. Koma pomwepo pabadwa chinyengo chatsopano. Wolamulira amene kale akanaitanidwa kubwalo tsopano angathe kutambasula manja n'kunena kuti, "Si ine, ndi El Niño." Tikatero ndiye kuti tangopeza mfiti ina, yabwino koposa zonse kwa olamulira, popeza singagwidwe ndipo singayankhe.

Wodziwa ali ndi ngongole

Sayansi yomwe yachotsa mlandu pa nkhalamba ndiyo yabweretsa mlandu wina umene makolo analibe. El Niño amayamba kuoneka m'nyanja miyezi ingapo dzinja lathu lisanafike. M'chaka cha 1994 Mark Cane, Gidon Eshel ndi Roger Buckland anasindikiza m'magazini ya Nature zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti magawo oposa 60 pa 100 aliwonse a kusinthasintha kwa zokolola za chimanga ku Zimbabwe ankatha kufotokozedwa ndi kutentha kwa madzi a kum'mawa kwa Pacific. Mu Seputembala 1997, mumzinda wa Kadoma ku Zimbabwe, akatswiri a zanyengo a maiko a SADC anakumana koyamba kuti apereke ulosi umodzi wa dzinja, ndipo mwambowu wakhala ukuchitika chaka ndi chaka. Kuyambira nthawi imeneyo mawu akuti chilala chatidzidzimutsa anayamba kuvuta kuwakhulupirira. Munthu amene waona njoka ikulowa m'nyumba ya mnzake n'kukhala chete sanalume ndi iye, koma mudzi sumuona wosalakwa.

Tiyerekeze zaka ziwiri za m'mbiri ya Malawi. Mu 1992 chilala chinali choopsa zedi, ndipo zokolola za chimanga zinatsika ndi kuposa theka, pamene dziko linali likusunganso othawa nkhondo ochokera ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Anthu anavutika kwambiri, koma maiko a m'derali pamodzi ndi United Nations anayendetsa chimanga chochuluka kudzera m'madoko a Durban, Maputo, Beira ndi Dar es Salaam, ndipo imfa za chisawawa zimene zinkaopedwa zinapewedwa. Ambiri amakumbukirabe nsima ya chimanga chachikasu cha chaka chimenecho. Mu 2001 zokolola zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu okha, makamaka chifukwa cha mvula yopitirira muyeso imene inamiza minda. Koma chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, thandizo linachedwa, mitengo pamsika inakwera kangapo, ndipo m'miyezi yoyambirira ya 2002 anthu ambiri anafa ndi njala. Thambo linalakwa kwambiri mu 1992 kusiyana ndi mu 2001, koma manda anachuluka mu 2002. Kusiyana kumeneku sikungafotokozedwe ndi mitambo.

Izi ndi zimene Amartya Sen anatsindika m'buku lake la 1981, Poverty and Famines, kuti anthu amafa ndi njala pamene alibe njira yopezera chakudya, ngakhale chakudyacho chilipo m'dziko. Megan Vaughan, polemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anasonyeza kuti njalayo inasankha anthu: amayi amene amuna awo anawathawa, okalamba ndi ana ndiwo anavutika koposa. Elias Mandala, m'buku lake la 2005 lonena za kutha kwa chidyerano kuchigwa cha Shire, akutikumbutsa kuti kudyera pamodzi kunali njira imene mudzi unkatetezera ofooka ake, ndiponso kuti njala ya chaka ndi chaka, imene sitchuka m'manyuzipepala, imapweteka anthu mwakachetechete. Chilala chimagwa pa onse, koma njala imayenda m'njira zimene anthu anailambulira.

Pali chotsutsa champhamvu chimene tiyenera kuchimva. Ulosi umatha kuphonya. El Niño wa 1997/98 anali mmodzi mwa amphamvu kwambiri m'zaka 100, ndipo chenjezo la chilala linamveka ponseponse. Ku Zimbabwe alimi ena anachepetsa minda yawo ndipo ngongole za ulimi zinavuta kupeza. Chilala chachikulu chija sichinabwere m'madera ambiri, mwa zina chifukwa dera la mpweya wopepuka la ku Angola lija linakhalabe lamphamvu n'kupitiriza kukoka chinyezi. Amene anamvera chenjezo anakolola zochepa kuposa zimene akanakolola. Kodi pamenepa sitinganene kuti wolosera nayenso ndi sing'anga wa mvula wa ku Kolobeng, amene nthawi zina amalasa ndipo nthawi zina amaphonya?

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, ulosi wa zanyengo sulonjeza. Umanena za mwayi. Umati m'zaka zotere mvula yochepa imabwera kawirikawiri kuposa m'zaka zina, ndipo ungathe kuyesedwa powerenga zaka zimene unalasa ndi zimene unaphonya. Boma limene lasunga chimanga, chilala n'kusabwera, lataya ndalama zosungira. Limene silinasunge, chilala n'kubwera, lataya anthu. Zotayika ziwirizi sizilemera mofanana. Chachiwiri, chaka cha 1997 chimatiphunzitsa kuti chenjezo lopanda thandizo limasenzetsa wosauka katundu yense. Kuuza mlimi kuti mvula ichepa popanda kum'fikitsira mbewu yocha msanga, mapira, chinangwa kapena mbatata, kuli ngati kuuza wodwala dzina la matenda ake n'kum'tsekera chitseko. Pano ife ophunzira zinenero tilinso ndi gawo lathu. Ulosi umalembedwa m'Chingerezi, m'mawu osamala onena za mwayi, koma ukamafika pawailesi m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chitonga, kawirikawiri umakhala utasanduka chiganizo chimodzi chouma: chaka chino kuli chilala. Womasulira amene wataya mawu akuti "mwina" wasintha uthenga, ndipo banja lina lidzadzala kapena kusadzala potsatira kumasulira kwake.

Utsi wa kutali

Tsopano tibwerere ku funso loyamba, popeza yankho limene tinapereka lija silinathe. Tinati chaletsa mvula ndi madzi ndi mphepo zopanda mtima. Koma kodi zimenezi zikadali choncho m'dziko limene anthu alitenthetsa? Ku Malawi kutentha kwa pachaka kunakwera ndi madigiri pafupifupi 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Kuchuluka kwa mvula ya pachaka sikuonetsa njira imodzi yooneka bwino, chifukwa kusiyana kwa chaka ndi chinzake n'kwakukulu kotero kuti kumaphimba kusintha kwa pang'onopang'ono. Izi zimadabwitsa alimi achikulire, amene amaumirira kuti mvula inasintha. N'kutheka kuti onse akunena zoona. Mlimi sadya chiwerengero cha pachaka. Iye amasamala za tsiku limene mvula yodzalira yafika, kutalika kwa ng'amba ya pakati pa dzinja, ndi liwiro limene nthaka ikuumira. Kukatentha, mvula yofanana ndi ya kale imakhalitsa pang'ono m'nthaka. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, m'lipoti lake la 2021, linanena kuti dziko likamatenthera, kummwera kwa Africa kudzaona zilala zochuluka, pamene mvula yamphamvu yogwa nthawi imodzi idzawonjezeka m'madera ambiri.

Apa makolo aja akupeza chowayikira kumbuyo chimene sankachiyembekeza. Khalidwe la anthu limakhudzadi thambo. Kusiyana kwake n'kwakuti wopalamula ndi wovutika sakhala mudzi umodzi. Africa yonse imatulutsa magawo osafika 4 pa 100 aliwonse a mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi padziko lapansi. Malamulo a kumudzi ali nalo yankho pa mlandu wotere. Ng'ombe zako zikadya m'munda wa mnzako umalipa, ngakhale sunazitume, ndipo ukapitiriza kuzilekerera utachenjezedwa mlandu umakula. Thumba lolipira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, limene maiko anagwirizana kukhazikitsa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, likuima pa mfundo yomweyi, ndipo si mphatso ya chifundo ayi.

Koma wodandaula pabwalo ayenera kukhala ndi umboni woona, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timapunthwa. Gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution limafufuza ngozi iliyonse payokha kuti lione gawo la kutentha kwa dziko. Linapeza kuti chilala cha ku Cape Town cha 2015 mpaka 2017 chinali ndi mwayi wochitika wochuluka pafupifupi katatu chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndiponso kuti mvula ya anamondwe Ana ndi Batsirai mu 2022 inakula chifukwa chomwecho. Gulu lomwelo linapeza kuti chilala cha 2024, chimene tayamba nacho nkhani ino, chinadza makamaka chifukwa cha El Niño, ndipo kuti njala ya kummwera kwa Madagascar mu 2021 inachokera kwambiri ku umphawi ndi kusinthasintha kwachilengedwe kwa mvula. Zotsatira ziwiri zomalizazi sizikoma m'makutu a womenyera chilungamo. Komatu amene amalandira umboni pokhapokha ukam'komera wabwerera ku mwabvi, wangosintha wom'mwetsa. Kunena kuti chilala chilichonse ndi utsi wa maiko olemera kumafooketsa mlandu weniweni umene tili nawo, ndipo kumapatsanso olamulira athu pobisala pena.

Namondwe Freddy akusonyeza mmene milandu imeneyi imasanjikizirana. Anayenda panyanja masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri, ndipo mu Malichi 2023 anagwetsa mvula yoopsa kummwera kwa Malawi. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa ndipo mazana ena anasowa. Ku Blantyre matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Njira ya namondweyo inkadziwika masiku angapo asanafike. Phirilo linali litametedwa mitengo. Anthu ankakhala m'mbali mwake chifukwa malo otetezeka mumzinda anali opitirira matumba awo. Pa ngozi imodzi yomweyo pali gawo la nyanja, gawo la utsi wa kutali, gawo la oyendetsa mizinda ndi gawo la umphawi. Kuloza chimodzi chokha, chilichonse chimene tingasankhe, ndi kumasula enawo.

Chimene tingasunge

Tsono mvula ikakana, mlandu n'ngwa yani? Pa funso la chimene chaletsa mvula, nthawi zambiri palibe munthu woyankha, ndipo pamene alipo, gawo lake liyenera kuyezedwa ndi umboni, osati ndi mkwiyo. Pa funso la amene ankadziwa, oyankha alipo ndipo ali ndi maudindo odziwika: olosera, omasulira, alangizi a zaulimi, osunga nkhokwe za dziko, aphungu ogawa ndalama za boma, ndi ife a m'masukulu a ukachenjede amene timawerenga malipoti amene mlimi sadzawaona. Pa funso la amene anasiyidwa, mlandu umafika mpaka pakhomo pa aliyense amene anali ndi nkhokwe yodzaza pamene khomo loyandikana nalo silinkafuka utsi.

Kwa makolo tiyenera kusunga bwalo, ndiko kuti chizolowezi chakuti dziko likauma anthu asonkhane ndipo wolamulira afunsidwe. Tiyenera kusiya mwabvi, ndi mtima wofuna kupeza wolakwa msanga kuti mitima itsike. Kwa sayansi tiyenera kulandira zonse ziwiri, ufulu umene yapereka kwa nkhalamba yonamiziridwa ndi ngongole imene yaika pa wodziwa. Kulandira choyamba chokha n'kukana chachiwiri ndi chinyengo.

El Niño adzabweranso, monga wakhala akubwerera kuyambira kale Sechele asanabadwe. Zipangizo zoyandama pa Pacific zidzam'zindikira dzinja lisanafike, akatswiri a SADC adzakumana, ndipo chenjezo lidzalembedwa. Mlandu wa chaka chimenecho sudzayamba mu Febuluwale, chimanga chikadzayamba kufota. Udzayamba mu Seputembala, pamene nkhokwe zingathe kudzazidwa, mbewu zingathe kugawidwa, ndipo uthenga ungathe kumasuliridwa mokhulupirika. Amene adzakhale chete m'mwezi umenewo asadzatiuze za nyanja ya ku Peru.